Khoswe Wosunga Mbiri

Padangotero.

Kum'mawa kwa nyanja ya Victoria, m'dziko la Tanzania, chakumtunda kwa Shirati, kunali kamishoni kakang'ono kamene azungu ake anachoka kalekale. Tchalitchi chinalipo, belu linalipo, anthu ankapemphera Lamulungu lililonse. Kuseri kwa tchalitchicho kunali kanyumba kosungiramo katundu, kokhoma ndi loko amene kiyi wake anasowa. M'kanyumbamo munali makasu othyoka, nyali yopanda galasi, ndi bokosi lachitsulo ladzimbiri. M'bokosimo munali mapepala. M'mapepalamo munali Khoswe.

Khosweyu sanali khoswe wamba. Anabadwira pa kalata, anakulira pa lipoti la pachaka, ndipo poti analibe chochita china, anaphunzira kuwerenga. Chingerezi ankachimva, Chiswahili ankachimva, Chiluo ankangotolatola. Kalulu m'nthano ino mulibe. Anali atapita kukapusitsa ena kwina, choncho nzeru zonse za pamalopo zinatsalira Khoswe.

Dzuwa likalowa, nyama za pamishoni zinkasonkhana pakhomo pa kanyumbako. Ankabwera Buluzi, ankabwera Chule, ankabwera Njiwa ndi ana ake, ankabwera Mphemvu. Pomalizira penipeni, ena atakhala kale pansi, ankafika Kamba, nkhalamba ya chigoba chong'aluka.

"A Khoswe, tatiuzani," ankatero Chule. "Anthu oimba m'tchalitchi awa, mpingo wawo unachokera kuti?"

Khoswe ankayamba wakhosomola, poti ophunzira sayankha msanga.

"Awa ndi a Mennonite. Amishonale awo anachokera ku Lancaster, m'chigawo cha Pennsylvania, ku America. Chaka chake ndi 1934. Wowatsogolera anali Elam Stauffer. Anayambira pa phiri la Katuru ku Shirati, kenaka anatsegula ku Bukiroba, ku Mugango, ku Bumangi, ku Nyabasi."

"Eee! Koma mutu uwu!" zinkatero nyama zonse.

Tsiku lina Kamba anatulutsa khosi lake nati, "Ine ndinalipo."

Onse anacheuka.

"Ndinali kamwana, ndili m'udzu. Ndinawaona amene anasenza mabokosi a azunguwo pamutu kuchokera kunyanja. Ndinamuona Zedekia Kisare ali mnyamata, yemwe uja anadzakhala bishopu mu 1967. Ameneyo mumamudziwa nonse. Koma panali enanso. Panali mayi wina amene anatunga madzi oumbira njerwa zonse za tchalitchi chino, mwana ali kumsana. Panali womasulira ulaliki. Mzungu akanena mawu atatu, iye ankanena khumi, ndipo anthu ankatembenuka ndi khumiwo."

Njiwa anaseka mpaka kugwa pa nthambi.

"Mayina awo ndani, agogo?" anafunsa Buluzi.

"Mutu wakalamba, mwanawe. Mayina akundithawa limodzilimodzi. Koma musade nkhawa. Mlaliki wina wa pano anawalemba onse m'kope la ana a sukulu. Ndinkamuona pansi pa mtengo wa mango, akufunsa nkhalamba, akulemba, akufunsa, akulemba. Kopelo lili m'bokosi la a Khoswelo, pansi penipeni."

Khoswe ankalidziwa kopelo. Linali lolembedwa ndi pensulo, mizere yokhotakhota, ndipo linkanunkha tinsomba touma chifukwa mwini wake ankaliyendetsa m'dengu limodzi ndi ndiwo. Sanalitsegulepo ndi tsiku limodzi lomwe.

"Agogo," anatero Khoswe, "ine ndimakulemekezani. Koma ija si mbiri. Mbiri imatayipidwa pa makina. Imakhala ndi deti pamwamba ndi siginecha pansi. Zanuzo ndi zocheza za pamoto."

Kamba anabweza khosi m'chigoba. Sanayankhe.

Chaka chimenecho mvula inachedwa, chakudya chinavuta. Khoswe anagona chagada pa mulu wa makalata, mimba ikulira, naganiza. Ine ndiwerenge, iwo azingomvera ulere? M'mawa mwake analengeza mtengo: nkhani ya pano, mtedza umodzi, nkhani ya kutsidya kwa nyanja zamchere, mtedza uwiri. Pakuti m'bokosimo munalinso magazini akale a mishoni, amene ankabwera pa positi ngakhale azungu atachoka, ndipo munali nkhani za kumayiko kumene Njiwa sanaulukeko.

Nyama zinadandaula, koma usiku wopanda nkhani ndi wautali. Zinalipira.

Pa mtedza uwiri Khoswe anagulitsa Java: za Pieter Jansz, mphunzitsi wa ku Holland amene anafika kumeneko mu 1851, nakhala ku Jepara mpaka 1854 asanabatize munthu, ndipo atabatiza anali anthu asanu okha.

"Zaka zitatu, anthu asanu?" anadabwa Chule. "Ine usiku umodzi ndimaikira mazira oposa pamenepo."

Pa mtedza wina uwiri anagulitsa India: za J. A. Ressler ndi dokotala W. B. Page, amene anafika ku Dhamtari mu 1899 napeza njala yoopsa, kotero kuti asanamange tchalitchi anayamba ndi kuphika ndi kulera ana amasiye. Anagulitsa za P. A. Penner, amene ku Champa anamangira odwala khate malo okhala. Anagulitsa Congo: za amishonale amene anakhazikika m'mbali mwa mtsinje wa Kasai mu 1912, ku Djoko Punda ndi ku Kalamba, ndi za nkhondo ya ku Kwilu ya mu 1964 imene inatentha mishoni zingapo. Nkhani ya moto anaikweza mtengo, mtedza utatu, poti ana a Njiwa ankaifuna kawirikawiri.

Khoswe ananenepa. Ubweya unayamba kunyezimira.

Koma bokosi ladzimbiri silisowa kabowo. Mphemvu, amene analibe mtedza wolipira, anapeza kabowo pakona nayamba kulowa masana Khoswe ali mtulo. Anayenda pa zilembo, anayendanso, mpaka zilembozo zinayamba kumulankhula. Usiku wina, Khoswe asanakhosomole n'komwe, Mphemvu anakwera pa khasu lothyoka.

"Ine ndili ndi nkhani ya ku Ethiopia. Yaulere."

"Yaulere?"

"Yaulere. Kumeneko a Mennonite anafika mu 1945 kudzathandiza anthu nkhondo itatha, ku tauni ya Nazareth. Mpingo umene unabadwa ndi Meserete Kristos. Mu 1982 boma la asilikali linautseka, linalanda matchalitchi, linatsekera atsogoleri asanu ndi mmodzi m'ndende. Anthu anali ngati 5,000. Anayamba kupempherera m'nyumba, timagulu ting'onoting'ono, mwakachetechete. Bomalo litagwa mu 1991 anawerengana, napezeka kuti apitirira 30,000."

"Popanda mzungu?" anafunsa Buluzi.

"Popanda mzungu, popanda belu."

Nyama zinaomba m'manja, zimene zinali ndi manja. Mtedza wa usiku umenewo unabwerera kumakomo. Khoswe analowa m'bokosi osatsanzika.

Sanagone. Anatembenukira uku, anatembenukira uku. Kutseka kabowo? Dzimbiri liboola kena. Kumupha Mphemvu? Mphemvu ali ndi abale mazanamazana. Tambala woyamba asanalire, nzeru inamufikira, ndipo anadzimenya pachifuwa.

"Chili papepala, aliyense awerenga. Chili m'mimba mwanga, mwini wake ndine."

Anayang'ana uku ndi uku kuti ayambire pati. Mphuno inamutsogolera pansi penipeni, pa kope la mlaliki. Fungo la tinsomba linali likadalimo.

"Iwe ndiye ukhala chotsegulira kukhosi. Ukatha iwe, nkhalamba ija isiyanso kundisokoneza."

Kukutu, kukutu, kukutu. Sanawerenge ndi mzere umodzi womwe. Munthu sawerenga ndiwo. Masamba onse anatha usiku womwewo. Chinatsala ndi chikuto chakumbuyo chokha, chija amasindikizapo matebulo ochulukitsa, poti chinali cholimba ndipo nsomba sinafikepo.

Kuyambira pamenepo Khoswe anagwira ntchito imene sanaigwirepo chibadwire. Masana kuwerenga, usiku kudya. Anayamba ndi makalata a pandege, opyapyala, osungunuka pa lilime. Anabwera pa makalata a kaboni, amene anamudetsa milomo mpaka Chule anamufunsa ngati wayamba kudya makala. Malipoti a pachaka anali ouma, odzaza manambala: obatizidwa angati, odwala angati, njerwa zingati, ndalama zatsala zingati. Amenewo ankawameza ndi madzi. Zithunzi zinali zowawa, koma anazidya ndithu, kuyambira kumphepete kumene kunkaima anthu osatchulidwa mayina, kumalizira pakati pamene pankakhala azungu pa mipando. Anadya Java. Anadya India ndi njala yake yomwe. Congo inamutsamwitsa pang'ono. Ethiopia anaidya mwaukali, akukumbukira Mphemvu.

Buluzi, amene ankasuzumira pa mng'alu wa khoma, anapukusa mutu.

"Achimwene, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada."

"Pusi sankadziwa kuwerenga," anayankha Khoswe, mkamwa muli Bumangi.

Mwezi usanathe, m'bokosi munatsala nyenyeswa zokhazokha. Mphemvu analowa, anazungulira, anatuluka akulira. Mtengo wa nkhani unakwera kufika pa mtedza usanu, ndipo panalibe kwina kopita.

Ndiye kunamveka kuti anthu a pamishoni akukonza chikondwerero chokumbukira chiyambi cha mpingo wawo. Nyama zinati nazonso zichite chawo. Zinasonkha mtedza dengu lathunthu kuti Khoswe afotokoze mbiri yonse, kuchokera kumutu mpaka kumchira. Zinaitana ndi alendo omwe. Mwa alendowo munali Dokowe, wamiyendo yofiira, amene anali atangotera kumene kuchokera ku Ulaya monga achitira chaka ndi chaka.

Khoswe anakwera pa bokosi movutikira, mimba ikukwekwereza. Anakhosomola katatu. Anatsegula pakamwa. Koma mimba si shelefu. Zimene zinalowa mwadongosolo zinali zitaphikika pamodzi.

"Menno Simons," anayamba, "anabadwira ku Dhamtari m'chaka cha njala. Atakula anakwera bwato pa mtsinje wa Kasai, nakocheza ku Java mu 1934. Kumeneko anabatiza anthu asanu, woyamba Elam Stauffer, wachiwiri boma la Ethiopia."

"Wachitatu?" anafunsa mwana wa Njiwa.

"Wachitatu njerwa 5,000."

Dokowe anagogoda mlomo wake, go go go, kuseka kwa adokowe.

"Pepani eni mudzi, mlendo sadzudzula. Koma ine ndimaswera ku Friesland, ndipo mudzi wa Witmarsum ndimaudutsa pamwamba. Menno Simons anabadwira kumeneko cha m'ma 1496. Anali wansembe wa Katolika, anachoka mu 1536 n'kulowa gulu la obatiza akuluakulu okhaokha, namwalira mu 1561 asanaone Java kapena Africa. Anthu ake, a Mennonite aja, anakhala zaka zambirimbiri akuthawa ozunza, akubisala, akulima mwakachetechete. Bungwe lawo loyamba lotumiza amishonale kunja linadzayamba mu 1847 ku Amsterdam, Menno atagona m'manda zaka pafupifupi 300."

"Bodza!" anakuwa Khoswe. "Umboni uli kuti? Mapepala onse ali muno!" Anamenya pamimba.

"Onse?" anatero Dokowe. "Mapepala a bungwe la a Jansz ali ku Amsterdam, m'nyumba yosungira zakale, mouma bwino. Zimene Jansz ankalemba tsiku ndi tsiku anazisindikiza kukhala buku. Zimene zimasowa kumeneko ndi zina. Ku Java komweko kunali mlaliki wa Chijava, Tunggul Wulung, amene anasonkhanitsa anthu ambiri kuposa Jansz, ndipo awiriwa sankamvana. Zambiri zimene anthu amadziwa za iye ndi zimene azungu analemba za iye."

Nyama zinayang'anana. Chule anayamba kukoka dengu la mtedza pang'onopang'ono kubwerera nalo.

M'mawa mwake kunamveka mapazi a anthu. Anali abusa, atanyamula hamala, ndi mtsikana wina wa mumpingomo amene anapita kukaphunzira ku America. Anaphwanya loko. Nyama zinabalalika, ina kudenga, ina kuseri kwa makasu. Khoswe anakwera pa phaso, mtima ukugunda ndi chimwemwe. Tsopano aona, anaganiza. Akapeza mulibe kanthu, adzandigwadira ndi anthu omwe.

Anatsegula bokosi. Fumbi linabuka.

"Mayo ine!" anatero abusa, manja kumutu. "Makalata onse a amishonale! Mwana wanga, tidzauza chiyani anthu?"

"Musalire, abusa," anatero mtsikanayo. Anatulutsa foni. "Makalatawo ndi awa. Ndinawajambula ku Lancaster. Amishonale ankatayipa ndi kaboni: pepala lapamwamba linkapita ku bodi imene inawatuma, lapansi linkatsala kuno. Amene adyedwawa ndi apansi. Magazini nawonso aliko, chaka ndi chaka, omangidwa bwino. Za ku India ndi za kwina zili ku Elkhart m'chigawo cha Indiana, ku North Newton m'chigawo cha Kansas, ku Winnipeg m'dziko la Canada. Muli mabokosi mizeremizere, m'zipinda zimene salola chinyezi kapena kachirombo."

Pa phaso paja, Khoswe anamva mimba ikulemera kawiri.

"Nanga wavutikiranji ulendo wonsewu?" anafunsa abusa.

"Ndadzera kope la agogo."

Anagwada, nayamba kupapasa m'nyenyeswa ndi manja onse awiri.

"Kumene kuja ndawerenga miyezi yambiri, abusa. Ndikudziwa tsiku limene mzungu aliyense anadwala malungo. Ndikudziwa mtengo wa malata. Mayina a abusa oyamba ndi aphunzitsi ena alimo. Koma ukafika pa amene anasenza, amene anaphika, amene anapereka malo, amayi amene anayenda midzi akuimba mpaka anzawo anawatsatira, umangopeza kuti wothandiza wina, mayi wina, anyamata athu. Amayi anandiuza kuti agogo anawalemba onse, mudzi ndi mudzi, ndipo kopelo analisungitsa m'bokosi la mishoni kuti lisawonongeke kunyumba."

Anapapasa, anapapasa. Chala chinagunda kanthu kolimba. Anatulutsa chikuto, nachitembenuza. Kawiri kawiri, zinayi. Kawiri katatu, zisanu ndi chimodzi.

Anakhala pansi pa fumbi pomwepo. Abusa anavula chipewa.

Kamba anali atamva zonse ali pakhomo. Anayamba ulendo wochoka pakhomo kupita pamene panakhala mtsikanayo, ndipo kwa Kamba umenewo ndi ulendo. Atafika pa phazi lake anatulutsa khosi lonse, nasonkhanitsa zimene zinatsala m'mutu mwake. Anapeza mayina atatu. Anawatchula limodzilimodzi, mokweza monga akanathera, ndi midzi yawo yomwe.

Mtsikanayo anangomva kamphepo, fuu, fuu, fuu.

"Agogo Kamba, mupondedwa muno," anatero akupukuta misozi. Anamunyamula bwinobwino nakamuika pa udzu, kunja.

Madzulo a tsiku lomwelo abusa anabwera ndi Mphaka.

Khoswe anayesa kuthawa, koma Java, India, Congo ndi Ethiopia si katundu wothamanga naye. Mphaka anamupeza pakona, namuika dzanja pamchira mofatsa.

"Ndamva kuti ndinu ophunzira," anatero Mphaka.

"Kwambiri, bwana. Mbiri yonse ili muno. Mukandidya mwadya sukulu."

"Ine sukulu sindidana nayo. Tipangane. Mtsikana uja wandipatsa mkaka, ndipo akulira. Mundiuze dzina limodzi lokha la m'kope muja, ndikusiyani."

"Elam Stauffer!"

"Limenelo lili mufoni."

"Pieter Jansz! Ressler! Penner! Zedekia Kisare!"

"Onsewo ali ndi mabuku awo. Ndati la m'kope. Mayi wotunga madzi uja anali yani?"

Khoswe anafinya maso. Anafunsa mutu, mutu unati sindinaone. Anafunsa mimba, mimba inati ine ndinangomva nsomba.

"Linali la pensulo, bwana," anatero ndi mawu ang'ono. "Linalibe siginecha."

Buluzi, amene anaonera zonse ali pa khoma, amati Mphaka anadandaula masiku atatu kuti nyama yake inali youma, yodzaza manambala.

Inu mwakhala mukuvomera kuti tili tonse, tamverani tsopano zimene Khoswe sanazifikire, pakuti izi si za m'nthano. Bishopu Kisare anakhala pansi nafotokozera Joseph Shenk moyo wake wonse, zokoma ndi zowawa za kukhala pansi pa amishonale, ndipo buku lake linatuluka mu 1984. Mu 2003, a Mennonite a dziko lonse atasonkhana ku Bulawayo, analandira buku la mbiri ya mipingo yawo ya mu Africa lolembedwa ndi anthu a mu Africa eni ake, amene anayenda kufunsa nkhalamba zikadali moyo. Ndipo mukadzafika ku Macha, kum'mwera kwa Zambia, kumene a Brethren in Christ, abale awo a Mennonite, anatsegula mishoni mu 1906, adzakuuzani kuti anaiyambitsa ndi amayi awiri a ku America, Frances Davidson ndi Adda Engle. Mudzafunse kuti anabwera ndi yani kuchokera ku mishoni yawo ya ku Matopo. Anali anyamata awiri, Ndhlalambi Moyo ndi Gomo Sibanda.